Mayina Onse Achikasu

Mlembi wa pasukulupo ankatchedwa Mayi Rula, chifukwa kwa zaka makumi atatu palibe anawaonapo opanda rula m'manja. Pofananitsa mayina ankayala mapepala awiri patebulo, pensulo yofiira ili kukhutu, n'kumatsika mzere ndi mzere milomo ikugwedera. Ntchitoyo inkawadyera masiku atatu, koma sanatayepo mwana ndi mmodzi yemwe.

Chaka chimenecho kunabwera ahedi atsopano, wachinyamata wolankhula akuyenda, ndipo anawaikira kompyuta patebulo. Bungwe la mayeso linali litatumiza mayina a ana amene lawalembetsa, ndipo sukulu inali ndi mpaka Lachisanu kuti inene ngati wina wasiyidwa. Tsikulo likadutsa, mwana wosiyidwayo ankayenera kudikira chaka china.

"Amayi, za rula tisiye," anatero ahedi ataima kumbuyo kwawo. "Kolamu iyi, mzere wotsikawu, ndi ana athu, iyo ndi ya a bungwe. Mulembe fomula apa, lamulo louza kompyuta chochita, muiuze iyang'ane uko. Dzina likapezeka konsekonse, kabokosi kake kasanduka kachikasu. Lotsala loyera ndiye lasowa. Mwamva?"

"Ndamva, abwana."

Anamva chiyani? Mawuwo anangolowera khutu ili n'kutulukira linalo. Koma imvi zinachita manyazi kufunsanso mwana wobadwa dzulodzuloli, ndipo foni ya ahedi italira, mwayi unapita. Paja safunsa anadya phula.

Lachitatu lonse Mayi Rula analimbana nacho chinthucho. Akadina apa, kankatuluka kauthenga ka Chingerezi kowakalipira. Akadina apo, mayina ankathawira m'mwamba. Mutu unaima, magalasi anachita nthunzi, tiyi anazizira m'kapu. Lachinayi masana, osadziwa n'komwe chimene achita mosiyana, anadina kamodzi, kolamu yonse n'kuti mbee chikasu, kuyambira dzina loyamba mpaka la nambala 112.

Ahedi anangosuzumira pakhomo. "Mwaona? Onse alimo. Ndikuyankha a bungwe pompano."

M'mawa wa Lachisanu kunabwera telala amene ankasoka mayunifolomu a pasukulupo, tepi ili m'khosi. Mwana wake wamkazi anali atachokera kusukulu ina pakati pa chaka, ndipo bamboyo ankaopa kuti mapepala asokonekera panjira.

"Bwerani mudzionere nokha," anatero Mayi Rula, akutembenuza kompyuta. "Si uyu mwana wanu? Wachikasu."

"Chikasu ndiye kuti zili bwino, amayi?"

"Ndiye kuti alimo. Kagoneni tulo."

Telalayo anathokoza kawiri konse n'kumapita.

Koma Mayi Rula mtima sunakhale m'malo. Zaka zonsezi sanaonepo mndandanda wobwera wathunthu. Nthawi zonse pankasowa mmodzi kapena awiri. Lolemba m'mawa, asanavule ndi juzi yomwe, anatsikira pansi pa kolamu ya ana a pasukulupo n'kulembapo dzina la amuna awo, amene anamwalira zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Kabokosiko kanasanduka kachikasu.

"Aa! Bambo a kwathu akulemba mayeso?"

Analembanso "tsache". Chikasu. Analemba "ndowa". Chikasu. Ulendo uno manyazi anathawa. Anapita kukawakoka ahedi mu ofesi mwawo.

Ahedi anawerama, n'kuwerenga fomulayo chala chili pagalasi. Nkhope inasintha.

"Amayi, mwaiuza kuti iyang'ane kolamu yathu yomweyi. Ya a bungwe sinaikhudze n'komwe."

"Ndiye yakhala ikufananitsa chiyani?"

"Mayina athu ndi mayina athu omwe. Chilichonse mungalembe apa ichipeza, poti chili pomwepo."

Mayi Rula sanamvetse kuti makina anzeru chotero angadzifunse okha n'kudziyankha okha osadandaula. Ahedi anasintha chilembo chimodzi chokha. Tsache, ndowa ndi malemu zinayera nthawi yomweyo, ndipo pakati pa chikasu chonsecho panayeranso kabokosi kamodzi. Linali dzina la mwana wa telala.

Ahedi anaimbira a bungwe, anachonderera, anapepesa, mpaka anaima chilili ngati kuti a bungwewo akuwaona. Yankho linali limodzi: anatseka Lachisanu.

"Ndilembera kalata bambo ake," anatero ahedi, mawu atatsika.

"Ayi, abwana. Ndinawauza ndi pakamwa panga. Ndipita ndekha."

Shopu ya telala inali kuseri kwa malo okwerera basi, ndipo Mayi Rula anaidutsa kawiri asanalowe. Anali ndi mantha, ndipo mawu onse amene anakonza panjira anabalalika. Bamboyo atawaona anamwetulira, phazi likupondabe makina.

"Amayi athu! Khalani apa. Mtsikana wanu uja sitikumuonanso pakhomo, ali pa mabuku basi. Akuti chaka chino ndi chake."

Mayi Rula sanakhale. Anagwira m'mphepete mwa tebulo lodulira nsalu.

"Bambo," anatero, "taimitsani kaye makinawo."