Bambo Kingstone ndi Madzi a Pansi pa Nyumba

Bambo Kingstone Mbewe amakhala ku Wigston, kufupi ndi Leicester, ndipo ntchito yawo ndi youmitsa zipinda zapansi za nyumba zakale. Nyumba zambiri kuno ku Leicester zili ndi chipinda chokumbidwa pansi, chomwe kale ankasungiramo malasha. Timachitchula kuti sela. Eni dziko ambiri sasungiramo kanthu chifukwa cha chinyezi, koma ife obwera sitidziwa kusiya malo opanda katundu.

Kwawo ndi ku Chipata. Asanabwere kuno ankakumba zitsime, ndipo pakagwa maliro m'mudzi mwawo anali mmodzi wa adzukulu, anthu aja okumba manda ndi kugwira za malemu zimene achibale sagwira. Atafika kuno anayamba ndi kutsuka mbale, kenako kunyamula njerwa pa kampani ina yomanga, mpaka abwana awo anaona kuti munthuyu akangoika dzanja pakhoma amadziwa kumene madzi akuchokera. Tsopano ali ndi kavani kawo koyera. Ndi aafupi, a imvi, osalankhulalankhula. Kutchalitchi amakhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko.

Ine ndinawadziwa bwino chaka chatha mu Febuluwale, pamene sela ya nyumba yanga ku Highfields inayamba kununkha ngati dothi lofukulidwa kumene.

M'selamo munali masutikesi awiri a zovala za malemu amuna anga, a Nathaniel. Atamwalira, thupi linapita ku Dedza, koma ine sindinathe kuperekeza chifukwa mapepala anga anali asanatuluke. Akulu a mpingo analongedza zovala zawo, namanga masutikesiwo ndi chingwe. Alamu anga a Tiyanjana, mlongo wawo wa malemu, anandiuza pa foni kuti: "Musatsegule, musasunthe. Zovala za m'bale wathu tidzamasula tokha pa tsiku la chiliza." Ndinamvera kwa zaka zinayi. Ndine wa Mvano, ndimadziwa kuti akufa ali m'manja mwa Mulungu, koma sindinafune kuti ku Dedza adzanene kuti mkazi uja anasankhamo zabwino. Chiliza chinali choti chimangidwe mu Seputembala, ndipo ndinayenera kukafika nazo zovalazo zili zathunthu.

Koma madzi ankakwera. Pakhoma panali mzere wakuda wofika m'mawondo. Kwina konse kunali kongozizira, koma pakona ya masutikesi pansi pankachita kunyezimira.

A Kingstone anabwera m'mawa wa Lachiwiri. Atafika pamwamba pa masitepe otsikira m'sela anavula chipewa, nawomba m'manja mwakachetechete katatu.

"Odi," anatero, akuyang'ana mu mdimamo. Ndipo anadikira.

"Mulibe munthu mmenemo, bambo."

"Niziba, amai. Koma pansi sitingena chabe," anayankha m'Chinyanja cha kwawo.

Pamene tinali chete choncho ndinamva dontho likugwa penapake, tho, kenako patapita kanthawi, tho. Zaka khumi ndi chimodzi m'nyumba imeneyo, ndinali ndisanalimvepo.

Anayenda m'mbali mwa khoma dzanja lili pa njerwa, maso ali otseka. Mwini nyumba wakale anapakapo utoto wakuda wonga phula, ndipo unali utatupa matuza. Anaboola limodzi ndi chikhadabo, madzi n'kutsetsereka.

"Uyu anafuna kumenyana na madzi," anatero. "Mukawatsekera apa, ayenda kutulukira paja. Madzi afuna chabe njira."

Anandifotokozera kachitidwe kawo. Amakuta khoma lonse ndi pulasitiki wolimba wa timabampu, kuti madzi azitsikira kuseri kwake osaoneka. M'munsi mwa khoma amaika kangalande kozungulira chipinda, ndipo potsika kwambiri amakumba dzenje n'kuikamo pampu yotulutsira madziwo kunja. Anatenga kampira m'thumba nakaika pansi. Kanagudubuzika kokha pang'onopang'ono mpaka kukagunda sutikesi.

"Potsika ni pamenepa. Katundu uyu achoke."

Anali atatambasula kale dzanja pamene ndinawauza mwini wake. Analibweza dzanjalo ngati akhudza mbaula. Ananjuta pambali pa masutikesi nthawi yaitali, akununkhiza.

"Chuku changena kale. Mukayembekeza Seputembala, ku Dedza muzanyamula manyowa."

Tinaimbira a Tiyanjana pomwepo, foni ya kanema, kuti aone okha. Anaona, koma sanagwedezeke.

"Alamu, zaka zinayi mwapirira, miyezi yotsalayi yakukanikani? Kapena pali jekete limene mwalonjeza munthu?"

A Kingstone anapempha foniyo ndi manja awiri.

"Zikomo amai. Ine ndine Mbewe, wa ku Chipata."

"Nanga a Mbewe, pa nyumba ya mlongo wanga mukutani?"

"Nabwelela madzi. Koma kwathu ndine mdzukulu. Manda nakumba kuyambira nilibe ndevu."

Ndinamva a Tiyanjana akuseka, kuseka kuja kumene anamfedwa amasekera adzukulu okha.

"Mdzukulu ku Mangalande! Mumakumba ndi chiyani kumeneko, sipuni?"

"Na khasu la magetsi, amai. Imwe a ku Dedza simungalikwanise, lifuna munthu wodya bwino."

"Iii, tamumvani wakuba nkhuku za pamaliro! Chabwino. Mdzukulu sakanizidwa. Masulani inuyo. Alamu asagwire kanthu, angopenya. Ndipo foni musadule."

Ndinaima pa sitepe yomaliza foni ili m'manja. A Kingstone anavula nsapato, naima m'madzi ozizirawo ndi mapazi okha, namasula chingwe mfundo ndi mfundo, osadula. Atanyamula sutikesi yoyamba, pansi pake panatsalira pa njerwa. Zam'kati zinagwa pamodzi, chimtanda chakuda chomatana, chooneka kolala apa, batani apo. Pamalo pamene inakhala, madzi oyera mbee anayamba kutumphuka pakati pa njerwa ziwiri, mosafulumira, ngati anali kungodikira kuti wina asunthe.

Apo a Tiyanjana anayamba kulira maliro. Mawu awo anatuluka m'kafoni kaja nadzaza sela yonse, akubwerera kuchokera m'makoma, mwakuti sindinadziwe ngati akulira ndi mmodzi kapena ambiri. Kulira kumeneko ine sindinakumve pamene ankaika amuna anga. Ndinakumva tsiku limenelo, pansi pa nyumba yanga, dzuwa lili pamutu. Ndinayamba pemphero la Ambuye, koma sindikudziwa ngati ndinalimaliza.

Sutikesi yachiwiri inali pamwamba pa matabwa awiri, ndipo madzi anali asanailowe. Munali suti yawo yakuda, jekete la kwaya, ndi malaya oyera angapo, zonse zozizira, zonunkha dothi, koma zathunthu. A Kingstone ankatulutsa chimodzichimodzi, n'kuchionetsa ku foni, a Tiyanjana n'kuchitchula dzina pakati pa misozi. Atatha anakaziyanika pa chingwe kuseri kwa nyumba, nabwerera pansi kukayamba dzenje lawo.

Ndinatsala ndekha pakhomo la kukhitchini. Mphepo inalowa m'malaya aja niwatupitsa zifuwa, manja akukwera ndi kutsika. Jekete linatembenukira kwa ine, kenako linatembenukira kukhoma la aneba. Pansi pa mapazi anga ndinkamva khasu lija likugogoda.

Kenako mvula inayamba, madontho aakulu a apo ndi apo. Miyendo inandipititsa yokha, monga mkazi aliyense amene zovala za mwamuna wake zili panja. Ndinafika mpaka pa chingwe. Dzanja la malaya linandikhudza patsaya, lozizira. Manja anga ndinawabisa kumbuyo, ndi kubwerera chafutambuyo.

"A Mbewe!" ndinaitana pa masitepe. "Mvula!"

Kugogoda kunaleka. Anatuluka matope ali m'mawondo, nasamba m'manja kaye pa mpopi ngakhale mvula inali kukula. Anaanula zonse, naziyala pa mikono yawo yonse iwiri, suti ili pamwamba. Ine ndinangogwira chitseko, ndi kupatuka kuti adutse.