Maliro a Filimu Pakhomo Pathu

Bokosi la maliro lija linalibe pansi. Amalume analibweretsa pawilibala atalifunditsa chitenge, n'kulitsitsira kuseri kwa nyumba yathu ku Chawama, komboni ya mu Lusaka, pafupi ndi dramu la madzi. Ukaliona uli patali unkati n'la munthu wolemera: lofiirira, lonyezimira, zogwirira zagolide. Ukaliyandikira linkanunkha polishi wa nsapato. Matabwa ake anali opyapyala, ndipo zogwirira zija zinali za kabati, zopakidwa penti. Ine ndinali mtsikana wa giredi folo, wowonda ngati bango, koma mbali imodzi ndinaitukula ndi dzanja limodzi.

Amalume, mlongo wawo wa amayi, ankagwira ntchito ku situdiyo ina ya mafilimu, chinyumba cha malata kuseri kwa mafakitale. Ntchito yawo inali yosunga katundu wabodza: mfuti zamatabwa, mawigi, mafoni opanda kanthu m'kati, ndi yunifomu imodzi ya apolisi imene ankaitsina ndi mapini kuti ikwane aliyense. Akakhuta, pakamwa pawo pankamasuka. Ankatiululira kuti mowa umene mabwana amamwa m'filimu ndi tiyi wozizira, kuti manda amakumba kulekeza m'mawondo kamera n'kuigoneka pansi, kuti mvula imachokera m'paipi ya pulasitiki imene mnzawo ankaipana ndi chala atakwera padenga. Koma chimene ankachinyadira kuposa zonse chinali bokosi lija. Analikhoma okha situdiyo itangoyamba, ndipo linali litanyamula kale mfumu, wapolisi, mkazi wa bwana, ndi mkulu wina wa dazi amene anafa kawiri m'mafilimu awiri. Onyamula akamaoneka kuti sakulemedwa, amalume ankapachika matumba a mchenga pa timitanda ta m'kati. "Iyi bokosi yashika bantu bambiri m'manda," ankatero akuliseka, "koma palibe anafa."

Nyengo yozizira ya chaka chimenecho atate anali atasiya kale kuyendetsa minibasi. Chifuwa chinawagoneka. Nyumba yathu inali ya zipinda ziwiri, pabalaza ndi kuchipinda, ndipo pakati pake panalibe chitseko koma katani. Kuseri kwa kataniyo n'kumene kunali atate, mbaula pafupi, fungo la makala ndi la mankhwala zitasakanikirana. Komboni yonse inkadziwa. Amayi akamapita kumpopi, azimayi anzawo ankatsitsa mawu powafunsa za odwala.

A situdiyo ankafuna nyumba ya m'komboni yojambuliramo maliro, ndipo aliyense amene anamupempha anakana. Anthu a ku Chawama si opusa. Amalume anabwera kwa mlongo wawo, amayi nawo anakana, n'kuwasiya panja kuti akapereke madzi kwa odwala. Ine ndinali nditakhala pansi pambali pa bedi, ndikusankha nyemba. Atate anali atamva zonse kudzera pa katani.

"Balekeni bachite, amake mwana," anatero. "Vamene bazatipasa vizatandizako ku mankhwala. Elo nifuna nione bamene bazabwela ku malilo yanga, na bamene bazabwela chabe kudya."

Anaseka mpaka chifuwa chinawalanda mpweya. Amayi anati, "Imwe, ivi vinthu si voseka," koma mwini nyumba anali atalankhula. Mawu amenewo tinawamva anthu atatu okha: iwo eni ake, amayi, ndi ine wa nyemba.

Tsiku lojambula, amalume anakonza zonse mwaluso, ndipo luso lawolo ndi limene linatipweteka. Anatulutsa mipando yonse panja. Anachotsa makatani a mawindo, anayala mphasa pabalaza, anaimika tenti pabwalo, anakoleza chipika chachikulu cha moto. Kwathu mipando ikatuluka ndipo tenti ikaima, sipafunikanso wonyamula uthenga, nyumba yalankhula yokha. Oyandikana nafe anali atauzidwa, koma Chawama n'ngwamkulu. Azimayi a kutchalitchi kwathu, akuchokera kumsika ndi mabeseni awo, anaona tenti pakhomo pa munthu amene ankamudziwa kuti ali kayakaya. Anatula mabeseni mumsewu momwemo n'kuyamba kulira.

Mkulu wa filimuyo, amene onse ankamutcha dayirekita, anali mnyamata wa kapusi yotembenuza. Atamva kulirako maso ake anawala. Anakodola wa kamera kuti atembenuke, n'kunena motsitsa, "Osabauza, basiyeni." Azimayi aja analowa chogwada, nakagwira amayi m'miyendo. Amayi ankati, "Balipo, bali moyo, ni filimu chabe," koma iwo ankangowakumbatira mwamphamvu, akugwedeza mitu kuti chisoni chawasokoneza. "Limbani mtima, mayi," ankawauza. Zoona zitadziwika, ena anaseka mpaka kukhala pansi, ena ananyamula mabeseni awo osatsanzika. Mpaka lero ndimamukwiyira mnyamata wa kapusi uja, ngakhale nkhope yake ndinaiiwala.

Ine anandipatsa malo a mwana wamasiye. Amalume anandipaka m'munsi mwa maso mafuta aja opaka pachifuwa ukadwala chimfine, misozi n'kumangotsika yokha. Ndinadziponya pabokosi monga anandiuzira, ndikusamala kuti lisagubuduke. Anandiombera m'manja, anandipatsa chakumwa chozizira cha m'botolo, ndipo ana a m'komboni amene ankasuzumira pawindo anandiyang'ana mwa nsanje. Ndinasangalala kwambiri tsiku limenelo.

Panalinso munthu wina wonyamula maikolofoni pa ndodo yaitali, zomvera zili m'makutu. Ameneyo ankangoimitsa ntchito. "Pali muntu akosomola," ankatero, akuyang'ana uku ndi uku ngati sakudziwa kumene chifuwacho chikuchokera. Amayi analowa kuchipinda. Dayirekita akakuwa kuti ayambe, atate ankatenga pilo okha n'kudzitseka nayo pakamwa, amayi atawagwira kumsana, thupi lonse likugwedezeka popanda phokoso. Mphepo inakankha katani, ine ndinaona. Mayi wina wa nyumba yachitatu kuchokera pathu, amene anali atakhala pamphasa ngati wolira, anaonanso. Filimuyo sindinaionepo, ndipo sindikudziwa ngati inatuluka n'komwe.

Madzulo anagwetsa tenti, mipando inabwerera m'nyumba. Galimoto yawo inadzaza, ndiye bokosi analisiya kuseri kuja kuti adzalitenga mawa. Mawa la anthu a filimu silifika msanga. Ndipo pa nthawi imene azimayi aja ankalira, munthu wina wachifundo anali ataimba kale foni kumudzi kwa atate, kufupi ndi Chipata. Uthenga wa imfa unanyamuka. Wakuti linali sewero unatsala ku Chawama.

Azakhali, mlongo wawo wamkulu wa atate, anafika ndi duku lakuda ndi thumba la ufa pamutu. Kulira anakuyambira pa ngodya ya msewu monga mwa mwambo. Atakhota, anapeza mlongo wawo atakhala pampando padzuwa, atafunda bulangete, akuyamwa lalanje. Kulira kunadukira pakati. Atate anati, "Mwafulumira, alongo, nikalipo." Azakhali sanaseke. Anatula thumba, anazungulira kuseri kukasamba m'manja, n'kukumana ndi bokosi.

Amalume anaitanidwa. Analigubuduza pamaso pawo, analowetsa mkono, anagogoda matabwa. "Onani, ilibe na pansi, ni ya masewera chabe." Azakhali anangowayang'ana. Kenako anatembenukira kwa amayi, osawapatsa moni, nati, "Mlamu, awa ndi malodza. Mwamulira mlongo wanga ali moyo."

Sanabwerere kumudzi. Anayala mphasa yawo pabalaza, ndipo kuyambira tsiku limenelo phala la atate ankaphika ndi iwo, m'kapoto kamene ankakatsuka okha. Amayi akabweretsa madzi akumwa, azakhali ankawataya panja n'kutunga ena. Atate anayesa kuwauza kuti amene analoleza filimuyo ndi iwo eni, koma mawu awo anali atayamba kuchepa, ndipo azakhali ankangoti, "Gona, usadzitopetse," monga amachitira munthu ndi mwana wotentha thupi. Amayi anakhala mlendo m'nyumba mwawo. Ndinkawapeza ataima pa katani, manja ali m'chitenge, akumvetsera mwamuna wawo akupuma. Ndinkafuna kuwachitira kanthu, koma chimene ndinkatha chinali kuwasesera pabwalo posesedwa kale.

Atate anamwalira sukulu zili pafupi kutsekera, mphepo ya fumbi itayamba. Aphunzitsi anandiitana pakati pa masamu, nandiuza kuti nditenge mabuku anga onse ndizipita kunyumba. Ndinapeza mipando ili panja, tenti ikuimikidwa. Anthu anachedwa kubwera. Ena anayamba atumiza ana kuti akaone ngati pali kamera. Bokosi lenileni linali loyera, losapakidwa chilichonse, misomali ikuonekera, lonyansa kuyerekeza ndi labodza lija. Amuna amene analinyamula mitsempha inawatuluka m'khosi. Amalume atayandikira kuti agwireko, achibale a atate anawakankha ndi phewa.

Titabwera kumanda, akuluakulu anakhala pansi m'tenti kuti akambe za imfayo. Ana sitinkaloledwa, koma nyumba ya zipinda ziwiri ilibe kobisira nkhani. Ndinaima pakhomo. Azakhali anayala mlandu wonse: tenti, moto, bokosi kuseri kwa nyumba ya wodwala. Kenako anaitana mayi uja wa nyumba yachitatu, amene ananena zimene anaona pa katani, kuti pakamwa pa malemu panali pilo ndipo mkazi wawo anali atawagwira. Sananame liwu ndi limodzi lomwe, n'chifukwa chake zinali zovuta kumutsutsa. Amayi anati pilo anaitenga okha, ndiponso filimuyo anailoleza okha. Anafunsidwa kuti mboni ndani.

Kwawo kwa amayi, malume ndiye mwini mbumba, ndiye amaimirira mwana wa mlongo wake akamakambidwa. Kwawo kwa atate amapereka malowolo, ndipo ana ndi a kuchimuna. Pa mkangano wotero amalume anga ndiwo akanatiyankhulira. Koma munthu amene anabweretsa bokosi pawilibala akanatsegula bwanji pakamwa? Anakhala kumapeto kwa benchi, chipewa chili m'manja, akuyang'ana nsapato zawo.

Ndiye ndinalankhula ine. Ndinati ndinalipo, ndinkasankha nyemba, ndi atate amene ananena kuti awaleke achite. Ndinabwereza mawu awo onse, ngakhale aja a anthu obwera kudzadya. Misozi inkatsika, ndipo ulendo uno panalibe mafuta m'maso. Mkulu wina wa ndevu zoyera anati mwanayu amuphunzitsa. Azakhali anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Si uyu analira pabokosi lija?" anafunsa. "Amadziwa kusewera ameneyu."

Ena anaseka. Wina anandigwira paphewa n'kundibwezera m'nyumba. Ndakhalapo m'misonkhano yambiri kuchokera nthawi imeneyo, ndanyozedwapo ndi anthu a mataye, koma sindinamvepo kuchepa ngati tsiku limenelo. Ndinali ndi choonadi chonse m'kamwa, ndipo chinalibe ntchito.

Zimene anagamula sanandiuze. Katundu achibale a atate sanatenge, kupatula jekete la atate ndi wailesi. Ine anangondiuza kuti ndikupita ndi azakhali ku holide, kukaona ng'ombe za agogo ndi kudya nzimbe. Ndinali ndisanatulukepo mu Lusaka, ndipo mtima wa mwana suchedwa kugulidwa. Sindidzawanamizira azakhali kuti ankandizunza. Anandilera, anandilipirira sukulu, ndipo anafa akukhulupirira kuti anandipulumutsa. Koma amayi ndinadzawaonanso nditatha msinkhu, tikupatsana moni ngati anthu a mpingo umodzi.

Dzulo lake la ulendo, amayi anandikhazika pakati pa miyendo yawo n'kundiluka tsitsi. Analuka timizere ting'onoting'ono, tothina kwambiri, mpaka khungu la pamphumi linakokeka. Ndinadandaula kuti zikuwawa, iwo anati n'kuti zikhalitse. M'mawa anatiperekeza kusiteshoni ya mabasi aakulu m'tauni, atanyamula chikwama changa okha. Njira yonse ankalankhula ndi azakhali, amene sankawayankha. Ankati mwanayu therere sadya, akadwala malungo amayamba ndi kusanza, nsapato zake n'zothina chala chachikulu. Ine ndinkachita manyazi kuti akuulula za ine pagulu.

Ndinapeza mpando wa pawindo, ndipo ndinaona ngati ndapambana. Basi isananyamuke ndinatsegula chikwama kufuna mabanzi amene anandiikira. Pansi pa madiresi panali yunifomu yanga ya sukulu, yochapa, yosita, ndi masokosi oyera atakulungidwa m'kati mwake. Ndinaitulutsa, ndinatsegula windo, n'kuwaitana.

"Amai, mwalakwisa. Ku holide sitivala yunifomu."

Anailandira. Anaiyang'ana kanthawi, anaipinda bwinobwino pachifuwa pawo ngakhale inali yopinda kale, kenako anaimirira pa zala n'kuibwezera pawindo, m'manja mwanga. Injini inalira, basi inayamba kubwerera m'mbuyo, ndipo iwo anangoima pomwepo pakati pa ogulitsa nthochi, osakweza dzanja. Ndinaikankhira yunifomu ija m'chikwama ndili wokwiya. Ndinkaganiza kuti maliro awasokoneza mutu amayi anga, ndipo ndinatsimikiza mumtima kuti ndikadzabwerako sukulu zikamatsegulira, ndidzawaseka.