Dzanja lochira papepala

Chipika chimene chinandiphwanya mkono wamanja sichinali chachikulu n'komwe. Anzanga a ku Chikangawa ankati chinali ngati mvuu, koma ankangofuna kundipatsa ulemu. Chinali cha paini wamba, chinatsetsereka palole m'mawa wina wa nkhungu n'kundipana pachigongono. Fupa linalumikizana patatha miyezi iwiri. Koma chala chaching'ono ndi chinzake choyandikana nacho zinangochita dzanzi, ngati ndabwereka kwa munthu wina.

Kapitawo wathu wa kumakina ocheka matabwa sanabise mawu.

"Adada, pamacheka sitiikapo munthu wa dzanja lakufa. Mubwere ndi kalata ya dokotala yoti mwachira. Ikapanda kubwera, mbwenu ulendo wa kwanu ku Manyamula."

Ku Manyamula ndinasiyako kamunda kamchenga. Ku Chikangawa ndinali ndi nyumba ya kuntchito, mkazi ndi ana anayi.

Nthawi imeneyo kuchipatala china pa Boma kunabwera dokotala wachizungu wofufuza za mitsempha yovulala. Anatisonkhanitsa amuna a manja adzanzi n'kutigawa pawiri. Ena anawamanga thabwa kuti dzanja lipume, ena tizikanya dongo m'madzi ofunda m'mawa uliwonse. Ankafuna kudziwa njira imene imabweza moyo m'zala. Ine ndinagwera kudongo, mwamuna wandevu kukanyakanya ngati woumba miphika. Anatifunsadi ngati tavomera, koma zaka zimenezo munthu wa boma akakufunsa kanthu, yankho unkakhala nalo kale m'thumba pamodzi ndi kadi ya chipani.

Wotiyeza anali mayi wina wa ku Dedza, wothandizira dokotala, munthu wosaseka wamba. Lachisanu lililonse ankatimanga nsalu kumaso, n'kutenga thonje, singano ndi timabotolo tiwiri, ka madzi otentha ndi ka ozizira. Akakukhudza uzinena kuti "pano", iye n'kulemba m'buku.

Masabata oyamba ndinkanena zoona.

"Bambo, ndakubayanitu katatu."

"Yewo, mayi, pitirizani. Mwini wake kulibe."

Sanaseke. Analemba.

Mulungu anandimana sukulu, ndinalekezera Sitandade 4, koma mphuno anandipatsa ya anthu awiri. Nsalu ikadutsa pamphuno imeneyi imasiya kampata kunsi. Tsiku lina ndinakweza chibwano ngati munthu wa maganizo akuya, ndipo ndinaona dzanja langa lonse lili patebulo, singano ikutsikira pachala.

"Pano," ndinatero.

Sindinachire tsiku limodzi ayi, ndinali ndi nzeru. Ndinali nditamvapo dokotala akufotokozera mayi uja kuti singano ndiyo imayamba kumveka, thonje limabwera pomaliza. Ndiye ndinachira motsata dongosolo lomwelo. Kabotolo kotentha ndinkakadziwira kuthukuta la m'kati mwake. Thonje ndinalisungira mwezi wachitatu. Masabata ena ndinkaphonya dala kawiri, kuti bodza lisanenepe kwambiri.

Dokotala anakondwa. Anaitana anzake adzaone munthu wa dongo, anandigwira chanza mwamphamvu, ine ndinangoona zala zanga zikugwedezeka m'dzanja lake. Mayi uja anadikira onse atuluke.

"Bambo, zala izi zadzukadi?"

"Zadzuka chomene, mayi."

"Macheka samanga munthu nsalu kumaso, mukudziwa?"

"Ndakhala nawo zaka zisanu ndi zinayi. Timadziwana."

Anandipatsa kalata ija yoti ndachira.

Ndinagwira ntchito masabata atatu. Sabata lachinayi, dzuwa lili paliwombo, ndinkakankha thabwa ndikuganiza za njinga imene ndinkafuna kusintha unyolo. Mnzanga wa mbali inayo anayamba kukuwa, "Woko, adada! Woko!" Ndinayang'ana dzanja. Thabwa linali lofiira. Zala ziwiri zija zinali mu utuchi, zitagona moyandikana. Ndinazimitsa makina ndekha ndi dzanja lamanzere, n'kukhala pachipika. Amuna akuluakulu ankathamangathamanga, wina anasanza. Ine ndinkadikira ululu ngati munthu wodikira basi pamsewu wa Mzuzu. Unabwera madzulo, koma m'chikhatho mokha.

Patatha masiku anayi mayi wa ku Dedza anandipeza muwodi. Anaima kumiyendo kwa bedi, manja kumbuyo.

"Munkachita bwanji?"

Ndinamuuza. Anatulutsa nsalu ija m'thumba la yunifolomu, anadzimanga yekha, anakweza chibwano uku ndi uku.

"Ine sindikuona kanthu."

"Mphuno yanu ndi ya munthu mmodzi, mayi."

Anamasula nsaluyo n'kuipinda bwinobwino. Anati dokotala ananyamuka kale kupita kwawo, buku analitenga. M'bukumo ine ndine amene ndinachira bwino kuposa onse. Anati asananyamuke, dokotalayo analamula kuti a thabwa aja awamasule, onse azikanya dongo. Anati iye alemba kalata yomutsatira dokotalayo, koma sadziwa ngati ikamupeza, ndiponso ngati ingatuluke m'dziko muno popanda kudutsa m'manja mwa akuluakulu a boma.

"Mwina dongolo limathandizadi," ndinatero.

"Mwina. Tsopano tidziwa bwanji?"

Anabweza nsalu m'thumba n'kutuluka muwodi.

Kapitawo ulendo uno sanafune pepala lililonse. Anangoyang'ana bandeji. Lole ya matabwa inatitula pa Boma, ine, mkazi wanga, ana, mphasa ziwiri ndi njinga ya unyolo wakutha. Kuchokera pamenepo mpaka ku Manyamula tinayenda pansi, katundu ali panjinga, ine ndikukankha ndi lamanzere.