Miyala itatu ya a Aroni

Pa boma la Dowa panalibe munthu wosawadziwa a Aroni Mbewe, ngakhale ambiri ankangowadziwa ndi makutu. Ntchito yawo inali yomenya chitsulo chimene chinapachikidwa pamtengo wa mbawa, pakati pa ofesi ya a DC ndi bwalo la milandu. Chikalira masana, makalaliki ankatseka mabuku, akaidi ankatula makasu. Anachimenya zaka makumi awiri ndi zitatu. Ine ndinali mesenjala pomwepo, ndipo nkhaniyi imandilemera mpaka lero.

A Aroni sankatha kuwerenga wotchi, koma akuluakulu a muofesi sankadziwa zimenezi. Wotchi yawo inali mthunzi wa mtengo wa mbendera. Pa miyala yopaka laimu yozungulira mtengowo anasankhapo itatu: wa nthawi yozizira, wa m'chilimwe ndi wa m'dzinja. Mthunzi ukakhudza mwala wa nyengo yake, ankadzuka, mawondo akulira, n'kukamenya. Kukachita mitambo ankayang'ana a Stefano, kalaliki wamkulu, kuti ayambe kuyasamula. A Stefano nawonso ankadikira chitsulo. Boma lonse linkayenda motero, ndipo palibe amene anafa nazo.

Chimene a Aroni ankaopa ndi kuchotsedwa ntchito. Kanyumba kamene ankakhala, kulaini ya antchito, kanali ka boma, ndipo ku Bowe, kwawo kwa akazi awo a Tabita, munda abale anali atagawana kalekale.

M'zaka za Chitaganya alendo ochokera ku Zomba anachuluka, aliyense ndi galimoto lake ndi fumbi lake. Tinatopa nako kusesa. Tsiku lina anatiuza kuti kukubwera wamkulu wina, choncho bwalo la mbendera likulitsidwe. Anandipatsa akaidi asanu ndi mmodzi. A Aroni n'kuti ali kumaliro ku Mvera. Tinazula miyala yonse, kuisunthira panja, n'kuipakanso laimu mpaka kuthobwa m'maso. Za miyala itatu ija ndinkazidziwa, anandionetsa okha. Kungoti msana unkandiwawa, ndinkafuna kuweruka, ndipo sindinakumbuke.

M'mawa mwake mlendo anafika. Apolisi anandanda padzuwa kudikira chitsulo kuti perete ayambe. A Aroni, amene anabwerako kumaliro m'mawa womwewo, anakhala pansi pa mbawa, maso ali pamwala umene ankayesa kuti ndi wawo. Mlendo ankangoyang'ana pamkono. Kenaka a Stefano anabwera akuthamanga, thukuta lili kamukamu.

"A Mbewe, mwagona kodi?"

"Sunafike, bambo."

"Sunafike chiyani?"

A Aroni analoza mthunzi, kenaka analoza mwala. A Stefano anayang'ana pansi, anayang'ananso a Aroni, ndipo chinsinsi cha zaka zonse zija chinathera pomwepo.

Sabata yomweyo anapachika wotchi pakhonde la ofesi. A Aroni anawauza kuti akapume, akalamba. Chitsulo anapatsa mesenjala wodziwa manambala, ndipo mesenjalayo ndinali ine.

Tsiku lonyamuka ndinkafuna kubisala, koma anandipeza pambawa paja. A Tabita anali patsogolo, mtolo wa mphasa uli pamutu, osacheuka. A Aroni sanandifunse amene anasuntha miyala. Pa boma laling'ono ngati lathu, anali atamva kale. Anandipatsa nyundo yawo, chogwirira chake chitasalala ndi manja.

"Achimwene, mawotchiwa amafa," anatero. "Ikadzafa, muziyang'ana a Stefano."

Ndinalandira nyundoyo osapepesa. Anatsika njira ya kumsika pang'onopang'ono, ndipo sindinawaonenso. Ndinamva kuti ku Bowe ankalima m'minda ya eni.

Chitsulocho ndinachimenya mpaka Chitaganya chinatha, mbendera n'kusintha. Wotchi inafa kawiri. Koma masana aliwonse, ndisanayang'ane pakhonde, maso anga ankayamba apita pansi, pamene panali miyala ija.