Bulauzi Yokula Mbali Imodzi

Mundikhululukire, sindinalembepo nkhani. Ngakhale kalata yopempha tchuthi ndimailemba katatu. Koma mkwiyo wandikakamiza.

Amayi aang'ono, mng'ono wa mayi anga, ndi telala. Anthu amangowatchula kuti Atepi, chifukwa tepi yoyezera siichoka m'khosi mwawo. Atha zaka makumi awiri akupalasa makina pakhonde la sitolo. Kasitomala akakana kuti wanenepa, amamuseka: "Tepi siinama, amayi, mimbayo ndi yanu."

Chaka chatha ndinkawathandiza kusita Loweruka lililonse. Ndinapeza mabulauzi awo atatu atawonjezeredwa kansalu, koma kumanzere kokha.

"Amayi, bulauzi yokula mbali imodzi?"

"Iwe, tasita. Kusukulu kwanuko munaphunziranso zosoka?"

Ndinaseka, n'kupitiriza kusita. Apa ndi pamene ndimadzikwiyira. Ndinali nditawerengapo kuti chotupa cha m'bere, ngakhale chosapweteka, n'chofunika kuthamangira nacho kuchipatala. Ndinakayikira ndithu. Koma mwana angafunse bwanji za bere la mayi ake? Ati ulemu.

Taganizani: munthu woona kusiyana kwa theka la inchi pathupi la mnzake anakhala miyezi isanu ndi iwiri akuyeza chotupa chake, n'kumachisokera malo! Pamene ankapita kuchipatala, chinali chitafika m'khwapa. Bere analichotsa. Panopa ali pamankhwala, tsitsi linathothoka, makina anavundikiridwa nsalu.

Tili pabenchi yodikirira, mayi anga anaulula kuti agogo anamwalira ndi khansa ya m'mawere yomweyi. Ife ankatiuza kuti chinali chifuwa. Zaka zonsezi! Chonsecho namwino anati matendawa akakhala m'banja, enanu muyenera kukhala tcheru msanga.

Atepi ali ndi mwana wamkazi, mng'ono wanga, wazaka makumi atatu. Amagwira ntchito kutali, ndipo anangomuuza kuti mayi ake akuvutika ndi kuthamanga kwa magazi. Dzulo Atepi anandigwira dzanja.

"Usamuuze mng'ono wakoyo. Angodandaula pachabe."

"Nanga akadzapeza chotupa, nayenso azidzasokera kansalu?"

"Wayamba mwano eti?"

Yankho langa ndikulipereka pano. Inde, ndayamba. Mawa ndimuimbira foni, ndimuuza za mayi ake ndi za agogo, mosabisa kanthu. Akabwera, tipita tonse kukapimitsa. Atepi akwiye mmene angakwiyire. Ndinasita mabulauzi atatu ndili chete, yachinayi sindisita.