Alendo Amene Sanakhale Pansi

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene azungu ochokera kunja anafika ku Lilongwe kudzaona ngati chisankho chikuyenda mwachilungamo. Inali nthawi ya Chitaganya, tauni yonse ili msika, maofesi a boma ndi masitolo a amwenye. Pamtundu pathu oyenera kuponya voti anali malume okha, telala wosokera pakhonde la sitolo, chifukwa ankadziwa kulemba ndipo ankapezako ndalama.

M'mawa wa tsiku lovota amesenjala a bwana disi anadzawachotsa pa makina awo, ati akuopseza anthu, n'kukawatsekera. Bambo anati tidikire alendowo pakhonde lomwelo. Ankakhulupirira kuti alendowo akamva nkhaniyi, malume atulutsidwa n'kukavota dzuwa lisanalowe.

Alendowo anabwera pa galimoto ya bwana disi, fumbi lili koboo. Wowamasulirira anali mesenjala wamkulu, yemwe uja anakoka malume pamkono. Mzungu wina, khosi litafiira ndi dzuwa, anafunsa ngati zonse zili bwino. Bambo anavula chipewa.

"Tili bwino, kaya inu. Takulandirani, khalani pansi."

Ndi mmene tinaleredwera. Mlendo sumuthira mavuto ali chiimire. Amayamba wakhala, wamwa madzi, kenako nkhani. Bambo anandituma kukatenga mipando kuseri kwa sitolo, koma ine ndinazengereza, maso ali pa kamera imene inkalendewera pachifuwa cha mzunguyo. Pamene ndinkatuluka ndi mipando, galimoto inali ikuwoloka mlatho, kupita nawo ku nkhomaliro kwa bwana disi. Bambo sanandimenye. Anangoti, "Kabweze mipandoyo."

Malume anatulutsidwa m'mawa mwake, mabokosi a mavoti atatsekedwa kale. Anamwalira asanaonenso chisankho cha zipani zambiri, ndipo kwa zaka zochuluka ndinkadziona ngati ndine ndinawalanda voti yawo.

Sukulu ndinayamba ndili ndi ndevu. Chidziwire kuwerenga, ndakhala ndikutsatira zimene alendo otere amalemba chisankho chikatha, ndipo mawu ake sasintha: kunali bata. Masiku ano amagona m'mahotela a ku City Centre, kusuzumira pamalo ovotera injini isanazime, n'kubwerera. Ndilibe nawo mtima wabwino, sindibisa. Munthu wokwera galimoto ya mwini nyumba, wodya m'mbale yake, womvera m'kamwa mwa wantchito wake, amangoona anthu amene ali pamzere. Amene wachotsedwa pamzerepo m'mamawa samufunsa n'komwe.