Tikumane Pankhokwe

Ku Woolwich, pafupi ndi msika, panali chipilala chozungulira, chachitali kuposa munthu, chokhala ndi kadenga pamwamba. Thupi lonse anachikuta ndi mapepala otsatsa zisudzo, mafoni ndi mafuta onunkhira. Tsiku loyamba kuchiona ndinaseka ndekha: nkhokwe m'tauni ya azungu! Ndinazolowera kumachitcha choncho, ndikamadutsa popita kuntchito yanga yosamalira okalamba.

Mwana wanga wamkazi, amene anakulira konkuno, anandiuza kuti zipilalazi zinayambira ku Germany ndi ku France kalekale, akuluakulu a mizinda atatopa ndi anthu omata mapepala pakhoma lililonse. Ine ndinangoti, "Ndiye ndi mtengo wa zidziwitso basi." Kwathu uthenga wa ukwati, wa mpira, ngakhale wa mbuzi yosowa, timaukhomera pamtengo wa pamsika, osapempha munthu.

Mwana yemweyo atapeza banja, ndinasowa mtendere. Mayi salangiza yekha mwana wake, zimenezo n'zamanyazi. Pamafunika mayi wina wachikulire, ndipo ine ndinalibe. Kutchalitchi kwathu kunali a ku Nigeria ndi a ku Ghana okhaokha, anthu abwino ndithu, koma mwambo wathu sakanaudziwa. Zinkandiwawa kuti mwana wanga alowe m'banja ngati wopanda kwawo.

Ndiye ndinatenga pepala n'kulemba m'Chichewa: "Ngati mwawerenga izi ndinu wakwathu. Ndikufuna mayi wachikulire andilangizire mwana. Tikumane pankhokwe pano Loweruka, 2 koloko." Ndinakalimata ndi selotepi pamphuno pa mzungu wina wotsatsa sopo.

Mwana wanga atamva anagwira kumutu. Anandikalipira m'Chingelezi kuti pamenepo samata aliyense, pamafunika chilolezo, ndimuchititsa manyazi. Ndinamuyankha kuti manyazi enieni sanawaone.

Loweruka ndinapeza pepala langa palibe. Komabe ndinaima n'kumadikira. Inakwana hafu pasiti, kenako 3 koloko, kamvula kakuwaza, miyendo ikuwawa. Mapeto ake ndinalephera kupirira, ndinadandaula mokweza: "Koma abale inu, Amalawi ndi nthawi!"

Kuseri kwa chipilalacho kunachokera mawu: "Iii, wachedwa ndani? Ine ndafika kalekale!"

Ndinazungulira kumanja, iwonso anazungulira kumanja, tinaphonyananso. Nditabwerera kumanzere tinagundana maambulera. Anali mayi wa imvi, wamfupi, atavala chijasi chofika m'mapazi. Ola lathunthu tinali titaima chofulatirana, nkhokwe ili pakati! Tinaseka mpaka ogulitsa nsomba anatembenuka.

Tikumwa tiyi anandiuza kuti anabwera kuno ndi amuna awo pothawa ndale zakale zija. Bambowo anamwalira, ana amamva Chichewa koma amayankha m'Chingelezi. "Nditawerenga kuti pankhokwe, ndinalira pamsewu pomwepo," anatero. "Nanenso ndimaitcha choncho, koma mumtima, chifukwa ndikanauza ndani?"

Mayiwo anamulangiza mwana wanga masiku awiri, chitseko chotseka, ine atandithamangitsira kukhitchini. Ndinkangomva kuseka. Tsiku la ukwati nthungululu yawo inadzidzimutsa abusa.

Tikuchotsa mbale madzulo ake, ndinauza mayi aja kuti chimene chimandidabwitsabe n'chakuti akhonsolo anachotsa pepala langa msanga chonchija. Mayiwo anatsegula kachikwama kawo, natulutsa pepala lija lopindidwa bwinobwino, selotepi ikadali m'makona.

"Akhonsolo ati? Ndinachotsa ndine, mwanawe. Ndimaopa angaliwerenge wina n'kundilanda ntchito."